Duwa Lamanyazi la a Kamtedza

Anzanga, ndiyambe ndi mathero, chifukwa ndikawasunga andiphulikira m'kamwa: amayi ake a mnzathu Mwandida abwerera. Abwerera ndithu, katundu watulidwa, ndipo a Kamtedza, munthu amene sanakhalepo pansi chibadwire, akhala pansi mpaka mwendo kuchita dzanzi. Kuwonjezera apo, mwambi wina umene aphunzitsi amati ngwa makolo akalekale, ine ndapeza kuti kwawo n'kuseri kwa msika wathu womwe uno. Musandifunse kuti mwambi uti, tifikako. Chiyambi chake nachi.

A Kamtedza, bambo ake a Mwandida, ndi mmisiri wojambula. Nsomba ili pakhoma la lesitilanti ija ndi yawo, ndi mutu wometedwa uli pa shopu yometera uja. Dzanja ali nalo. Chimene anamanidwa ndi mtima wodikira. Penti asanaume iwo aika kale chala kuti aone ngati wauma, n'chifukwa chake nsomba ija ili ndi chidindo cha chala pamimba. Nyemba zikakhala pamoto amavundukula mpaka moto kutopa. Mwandida akanyamuka kupita kusukulu, asanafike n'komwe pa mjigo, amamukuwira kuti, "Lero mwaphunzira chiyani?"

Koma chinatsitsa dzaye ndi mazira. Nkhuku ya a Nankhoma, amayi ake a Mwandida, inkafungatira. A Kamtedza anaona kuti ikuchedwa, natenga supuni. Mmene a Nankhoma ankachokera kumsika, m'chikwere munali phala lokhalokha, nkhuku ikuzungulira ngati yapenga.

"Ndimati ndiwatsegulire chitseko anapiyewo," anatero a Kamtedza.

"Anagogoda, bambo a Mwandida?"

A Kamtedza anayang'ana supuni. A Nankhoma sanakalipe. Analowa m'nyumba, namanga zovala zawo mu chitenje, nasenza.

"Ine ndikapume kwathu. Mudzandiitane tsiku limene mudzadzale chinthu ndi manja anuwo n'kuchisiya mpaka chichite maluwa."

"Maluwa okha? Mawa lomweli."

"Ndi zomwezo ndikunenazo," anatero a Nankhoma, napita.

Mwandida anatsala chifukwa cha sukulu. Tsitsi lake linasowa woluka, mbatata ankadya zosapsa, ndipo madzulo akamva minibasi ikuima pamsewu ankatuluka kukasuzumira, ngakhale ankadziwa kuti amayi ake akanena anena.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo, nthaka ili gwa. Panja sipakanamera kanthu. Koma a Kamtedza anakumbukira akakombo akutchire, aja amatuluka ofiira psuu kuphiri chizimalupsa chikangogwa, amene mizu yawo ili ngati anyezi.

"Amadikira mvula eti? Ine mvula ndili nayo mu ndowa," anatero, natenga khasu.

Anabwerako ali wefuwefu ndi thumba la anyezi amenewa, onse atakutidwa ndi dothi louma.

"Ababa, bwanji titsuke kaye tione zimene mwakumba?" anafunsa Mwandida.

"Kutsuka n'kuchedwa, mwanangu."

Pakati pawo panali mmodzi wamkulu ngati chibakera, wolimba, wosongoka mbali imodzi. A Kamtedza anamukweza m'mwamba.

"Uyu ndiye akawatenge amako."

Anamudzala m'chitini chachikulu chimene munali penti, natsendera dothi ndi chibakera kuti asagwedezeke. Ang'onoang'ono anawadzala m'makapu obooka ndi m'mapale. Zonse anazindandalika m'nyumba pafupi ndi zenera, poopa mbuzi za pamsika.

Kutacha anafukula mmodzi kuti aone ngati mizu yayamba. Masana anafukula wina. Madzulo anabwereza woyamba uja, poganiza kuti mwina m'mawa sanaonetsetse. Sabata isanathe m'nyumba munkanunkha anyezi woola, ndipo kunatsala chitini chachikulu chokha. Mwandida atawapeza bambo ake akupinda malaya ataima pa chitinicho, anakhala pakati.

"Ababa, mukafukula uyu ndiye kuti amayi mwawafukula m'nyumba muno mpaka kalekale."

"Ndingoona pang'ono. Chala chimodzi."

"Ngakhale chikhadabo ayi. Gwirani ichi." Anawapatsa burashi yawo. "Dzanja likamayabwa, jambulani duwa. Lojambula silichedwa."

Nzeru imeneyi inagwira, koma inagwira mopitirira. Duwa loyamba linatuluka pakhoma la pabalaza. Pofika Loweruka khoma lonse linali dimba, maluwa atakwera chitseko, atatsikira pa mpando, atazungulira ndowa. A Kamtedza ankathirira chitini, n'kuchizungulira, n'kusuzumira kumwamba ngati mitambo yayamba, n'kubwerera ku burashi. Mbuzi ina imene inagona pakhonde inadzuka ili ndi kakombo pamsana. Mwandida anayamba kubisa yunifolomu yake pansi pa mphasa.

Tsiku lina akuchokera kusukulu, anapeza bambo ake ali pakhomo, akudumphadumpha, burashi ili kukhutu.

"Laphuka. Timphukira tiwiri, tonyezimira, tofewa, tadutsa dothi ndikuona ndi maso angawa."

Mwandida anaponya chikwama n'kuthamangira m'nyumba. M'chitini munali dothi lokha.

"Tili kuti, ababa?"

"Ndinangotigwira pang'ono kuti ndione ngati n'tolimba. Tabwerera pansi."

Mwandida anawayang'ana bambo ake, nayang'ana dzuwa, mtima n'kumuuza kuti kutentha kwawalowa m'mutu. Mawa lake zinachitikanso Mwandida ali kusukulu. Ulendo uno a Kamtedza anathamanga kukaitana a Bwanali, telala woyandikana nawo, kuti akhale mboni. Analowa ndi chiphokoso, nsapato gugugu, chitseko phwaa, n'kupeza dothi lili zii.

"Achimwene," anatero a Bwanali, tepi ili m'khosi, "ine ndasoka zaka zambiri, koma duwa lobwerera m'mbuyo ngati zipi sindinalionepo. Muzimwa madzi ambiri."

"N'lamanyazi basi. Silinakuzolowereni."

Munthu wina akanadikira kuti duwalo lisiye manyazi. A Kamtedza anatuma uthenga pa wakabaza tsiku lomwelo: auzeni a Nankhoma kuti zatheka, abwere.

Mwandida atamva, anaoneratu ngozi. Amayi ake akabwera n'kupeza dothi, sadzabweranso ngakhale duwa lenileni litafika padenga. Anapempha bambo ake kuti abweze uthengawo, koma wakabaza anali atafika kale kutali.

A Nankhoma anafika dzulo, dzuwa litapendeka, katundu wawo ali pamutu. Analowa, namupsompsona Mwandida pamphumi, koma katundu sanatule. Anayang'ana khoma, chitseko, mpando, ndowa.

"Ndinati lodzala, bambo a Mwandida, osati lopaka."

"Lodzala lilipo. Nali." Analoza chitini.

"Ndikuona dothi."

"Limatuluka, Nankhoma, ndikulumbira. Kungoti munthu akasuntha limabwerera."

A Nankhoma anatembenukira kukhomo. Mwandida anawagwira chitenje.

"Amayi, minibasi zilipo mpaka madzulo. Ngati limathawa munthu akasuntha, tikhale osasuntha tione."

A Nankhoma anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Abambo akowa? Osasuntha?" Koma anakhala pa mpando wamaluwa uja, katundu ali pamutu pomwepo. "Chabwino. Mukangosuntha, ine ndanyamuka."

Mwandida anawaza timadzi m'chitini, ndipo a Kamtedza anakhala pansi, miyendo atapinda.

Anzanga, kunali kuvutika. Bondo linayamba kunjenjemera lokha, iwo naligwira ndi manja onse awiri. Ntchentche inatera pamphuno, niyenda ulendo wake wonse mpaka kukhutu, iwo ali duu. Thukuta linatsika. Panja wina anaitana kuti, "A Kamtedza, kuli ntchito yolemba chikwangwani," milomo yawo inagwedera, koma sanayankhe. Mthunzi wa zenera unachoka pa mphasa n'kukwera khoma.

Kenako dothi linasuntha. Kamphukira kamodzi kanasuzumira, kena n'kutsatira. Tinatalika pang'onopang'ono, tonyowa, tonyezimira. Dzanja la a Kamtedza linanyamuka lokha. Iwo analiyang'ana, nalikhalira.

Timphukira tija tinatalikabe, ndipo kunsonga kwa kalikonse kunali kadontho kakuda. Kamodzi kanapendekera kwa a Nankhoma, kena kwa a Kamtedza. Pansi pake panatuluka tina tiwiri tatifupi, kenako mutu, kenako khosi lalitali lonyowa. Dothi lotsenderedwa lija linang'ambika, ndipo anyezi wamkulu uja anadzuka yense, nayamba kukwera m'mbali mwa chitini, nyumba yake ili kumsana.

Inali nkhono. Inadzikwirira kuphiri kudikira mvula monga zimachitira nkhono m'chilimwe, a Kamtedza n'kuikumba, n'kuidzala, n'kumaithirira m'mawa ndi madzulo.

A Nankhoma anayesa kudzigwira. Mapewa anayamba kugwedezeka, katundu napendekeka, mpaka anamutula pansi kuti aseke bwino. Anaseka mpaka misozi, akupukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Bambo a Mwandida, mwadzala nkhono."

"Koma yaphuka," anatero a Kamtedza ndi mawu apansipansi, osasunthabe, poopa kuti ingabwerere.

Mwandida sanaseke. Maso ake anali pa katundu uja. "Amayi, nanga poti si duwa?"

A Nankhoma anapuma, nayang'ana amuna awo ali pansi, atakhalira dzanja, ntchentche itabwereranso pamphuno.

"Maluwa ndawaona, mwanangu, akwana ndi a chaka chamawa omwe. Chimene ndinali ndisanachione chikwatiwire ndi ichi chakhala pansichi. Tenga katunduyo ukaike kuchipinda. Ubwere ndi chipeso, mutu wakowo ukuchititsa manyazi."

A Kamtedza anafuna kudumpha, koma mwendo unali utachita dzanzi, nagwera pa ndowa. Nkhono inabweza maso ake msangamsanga.

Mwandida sanadikire n'komwe kuti tsitsi lithe kulukidwa. Anatulukira kwathu mbali imodzi yoluka, ina ili nyankhalala, natipeza tikutunga madzi pa mjigo, ine ndi mnzathu Felista wolongolola uja ndi ena onse. Anafotokoza zonsezi mpweya ukumuthera, ife mitsuko ikusefukira osaiona.

"Mubwere mawa tikaweruka, mudzaone duwa la ababa," anatero. "Likadali m'chitini, tikulipatsa masamba a mpiru. Koma nsapato mudzavulire panja, ndipo iwe Felista pakamwa pakopo udzatseke. Mukadzafika mudzakhale pansi ngati ababa, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha."