Che Swaibu ndi Zitseko za pa Balaka

Pa Balaka pano munthu wopatsa moni zitseko anali mmodzi yekha, Che Swaibu. Akamadutsa mumsewu wa masitolo akale a amwenye, ankayamba agogoda chitseko chosemedwa maluwa, n'kuchisisita, kenako m'pamene ankatembenukira mwini sitolo.

Anali kalipentala wopuma pantchito. Matenda okonda zakalewa anawatengera kwa mzungu wina wa ku France amene anatsika sitima molakwitsa, n'kuwauza kuti kwawo ngakhale chogwirira cha chitseko chakale sungachizule boma lisanalole. Kuyambira tsiku limenelo, boma la pa Balaka anali Che Swaibu.

Mayi Modester atagula imodzi mwa sitolo zija, anaitanitsa chitseko chachitsulo. Amisiri pofika anapeza mkuluyo atakhala tsonga pakhomo.

"Bambo, tasunthani," anatero mayiwo. "Chitsekochi chatha."

"Iyayi, mayi! Mlombwa uwu. Chinawaona agogo anu akudzagula mchere ali buthu."

"Nanga akuba?"

"Akuba a masiku ano ndi aulesi, sangachinyamule."

Mvula inagwa, Che Swaibu osasuntha. Mayi Modester anatopa, anawapatsa tiyi, ndipo chachitsulo chija chinakathera pa khola la mbuzi.

Tsiku lina kunabwera opaka penti a kampani ya mafoni, kuti apake khoma lonse la sitolo ina pamodzi ndi chaka chomangira sitoloyo chimene omanga anaumba ndi simenti pamwamba pa khonde. Che Swaibu anadikira kuti mkulu wawo akwere padenga, basi n'kusenza makwerero, ulendo wa ku mzikiti.

"Madala, nditsitseni!"

"Ndikaswali kaye. Iwe bakawerenga chakacho."

Penti inachilambalala chaka chija mwaulemu.

Tinkawaseka, inde. Koma pang'onopang'ono akwati anayamba kudzajambulitsa pa chitseko cha Mayi Modester, ena ochokera ku Liwonde ndi ku Nselema komwe. Che Swaibu ankalowa m'chithunzi chilichonse osaitanidwa, pakati penipeni pa mkwati ndi mkwatibwi.

Anatisiya chaka chatha, nyengo ya mango. Msewu uja unazizira. Nyundo ikalira, palibenso wothamangira komweko atagwirira mkanjo m'mawondo.

Mwezi wathawu mmisiri wina, Mahmudu, anapatsidwa ntchito yogumula timazenera ta matabwa olukanalukana pamwamba pa sitolo ina. Anakwera, anakweza nyundo, n'kucheuka kudikira womukalipira. Sikunabwere munthu. Kenako anatsika n'kukapeza mwini nyumba.

"Bwana, timeneti sitichoka. Ndingotipukuta fumbi."