Geti la m'laputopu ya Esinati

Lolemba
Esinati, mwana wanga wa ku koleji, wandisiyira laputopu pano pa geti la loji ku Nkhudzi, poti kunyumba magetsi ndi amwayi. Iye wapita ku Lungwena kukadwazika azakhali ake. Mkatimo muli pulogalamu yolondola ubongo wa makinawo, akuti purosesa, n'kumalemba phazi lililonse. Ilembe sabata yathunthu osadukiza. Akapanda kupereka zolembazo ku koleji Lolemba likudzali, abwereza chaka.
Malamulo ake:
1. Isazime.
2. Isanyowe.
3. "Bambo, musakhudze."
Kwa mlonda ngati ine, ntchito yochepa.

Lachiwiri
Pakona ya galasi la laputopuyo pali kachizindikiro kachikasu. Sindikukhudza. Ndikungokayang'ana.

Lachitatu
A Phiri, aphunzitsi odzatchaja foni pano, andiwerengera. Akuti chitetezo cha chipinda chamkati, momwe makina amasunga nzeru zake, n'chozimitsa. Ndiye kuti geti lili chitsegukire! Ndaimbira Esinati. Akuti anazimitsa dala, chifukwa pulogalamu yake ndi chitetezocho sizikhalira pamodzi. Dala. Mwana woleredwa ndi mlonda.

Lachinayi
Chakudya sichikulowa. Ndakhudza, koma ndi chala cha a Phiri. Chitetezo chikukana kuyaka, ndipo chatchula wochitsekereza: kafayilo kena, akuti dalaivala, kamene kamalowetsa pulogalamu ya Esinati mkati. Ndakalemba m'buku la alendo.
Dzina: zilembo zisanu ndi zitatu ndi kadontho.
Kochokera: sikakunena.
Wodzamuona: purosesa.
Nthawi yotuluka: palibe.

Lachisanu
A Phiri akuti iwo amaphunzitsa za mapu basi. Abwera ndi Che Yusufu, okonza mafoni ku Monkey Bay. Iwo akuti nkhani ndi yapafupi: dalaivala akufuna kulowa chipinda chamkati, chitetezo sichilola aliyense, wina achoke. "Achimwene, tichotse uti?" Ndawafunsa kuti mwa awiriwa mlonda ndi uti. Tachotsa mlendo.
Makina azima okha, ayakanso okha. Mphindi imodzi yokha, ndayang'ana pawotchi. Kachizindikiro kabiriwira! Usipa ndamaliza mbale yonse.

Loweruka
Timizere ta pulogalamu ya Esinati, tomwe tinkathamanga pagalasi, taima. Tinaima dzulo 10:42. Ndayesa:
kupukuta galasi,
kusintha soketi,
kudikira.
Che Yusufu sakuyankha foni. A Phiri adutsa njira ya kunyanja.
Tsono ndikulondola ndekha. 11:00, makina akulira pang'ono. 11:30, afunda kumanzere. 12:00, akulirabe. Pofika poweruka ndadzaza masamba anayi, ndi rula.

Lamulungu
Esinati wafika titatuluka m'tchalitchi. Akuyang'ana galasi nthawi yaitali. Sakukalipa, ndipo kukalipa kukanakhala bwino. Ndamupatsa masamba anga. Wawerenga onse anayi, wapinda, waika m'chikwama.
Waimbira aphunzitsi ake ali kuseri kwa mtengo wa mango, mawu otsika, "chonde" wambiri. Amupatsa sabata imodzi, yomaliza.
Wabwezera mlendo uja. Watsegulanso geti, ine ndikuona. Laputopu waipititsa m'sitolo ya kukhitchini, pashelefu ya mpunga, kwa a Nabanda ophika, amene sayang'ana galasi lililonse.
Esinati sakudziwa kuti kiyi wina wa sitoloyo amakhala pa lamba wanga. Ndakhala pa geti ola lathunthu ndikumugwiragwira.
Ndamumasula. Ndakamupatsa Esinati ndekha, ndipo ndamusainitsa m'buku.