Pikapu Yotsokomola pa Chitunda cha Naisi

Nkhani iyi ndikanakonda kupita nayo kumanda. Koma poti theka la Domasi likuidziwa kale, ndipo ena akuikamba mothira mchere wambiri, bola ndiikambe ndekha mwini manyazi.

Ine ndimagula mpunga kwa alimi kumadambo kuno, n'kukaperekera ogulitsa mumsika wa Zomba. Ndimadzuka nkhuku zisanatsike, ndipo munthu wozengereza sindigwirizana naye. Katundu wanga amayenda pa pikapu yakale imene anandisiyira malemu amuna anga. Inali yoyera masiku ake, pano mtundu wake sudziwika. Amaiyendetsa ndi alamu anga a Kalino, akulu awo a malemuwo. Anapuma ntchito ya udalaivala, ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndi munthu woti ukawapatsa moni ungathe kupita kumjigo n'kubwerako asanamalize kuyankha.

Chitsekerero cha thanki ya petulo chinatayika kalekale. Alamu anangotsekapo ndi chitsononkho chokulunga kansanza, galimoto n'kumayenda. Ine sindinkalabadira, mpaka tsiku lina mayi wina wondigula ananunkhiza thumba nati mpunga wanga ukumveka petulo. Anatero pagulu, mawu ake osatsitsa.

Ndinafika kunyumba mtima uli m'mwamba. Chitsononkho ndinachiponyera kuseri. Ndinatenga majumbo awiri ochindikala, ndinadula mphira ku chubu chakale cha njinga, ndipo pakamwa pa thanki ndinapamanga. Ine ndinagulitsapo thobwa zaka zambiri. Chigubu chimene ndamanga ine mungachigubuduze kuchokera pamwamba pa phiri, sichidontha. Ndinanunkhiza, fungo zii. Ndinadziyamikira ndekha.

Sabata yomweyo ndi imene mpunga unayamba kutuluka wambiri, matumba n'kumadzaza mpaka kupitirira denga la pikapu. Ndipo sabata yomweyo galimoto inayamba matenda.

Kuchokera ku Domasi inkanyamuka bwinobwino. Pachidikha inkathamanga ngati yatsopano. Koma tikangoyamba kukwera chitunda cha pa Naisi, inkayamba kutsokomola. Kukoka, kusiya, kukoka, kusiya, ife mitu n'kumagwedera ngati tikuvomereza ulaliki. Nthawi zina inkazimiratu. Tinkakhala pambali pa msewu, maminibasi akutidutsa, makondakitala akutibayibitsa. Pakapita kanthawi alamu ankaliza, iyo n'kulira ngati sinachimwepo. Pobwerera, yopanda katundu, sinkatsokomola ngakhale kamodzi.

Pa Naisi pomwepo pali makaniko wina, Che Bwanali, amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Ulendo woyamba anasintha mapulagi. Anaiyendetsa kukafika pakhona n'kubwerako, nati yachira. Mawa lake inatsokomola. Ulendo wachiwiri anasintha fyuluta ya petulo, anatsuka kabuleta, anapemerera timapaipi ndi pakamwa mpaka masaya kutupa. Anaiyendetsanso, yosalala ngati mwana wakhuta. Patapita masiku awiri, chimodzimodzi.

Che Bwanali anandiuza kuti matenda obwera n'kupita ndiwo ovuta, chifukwa wodwala akafika kwa dokotala amayamba kuseka. Ine ndinawayankha kuti mpunga wanga sudikira dokotala.

Apa m'pamene mnzanga wina wa mumsika anandinong'oneza kuti madalaivala ena amapopa petulo usiku n'kubwezeramo palafini. Galimoto ikamwa zosakaniza, akuti, imalephera pachitunda. Ndinakumbukira kuti pikapu imagona kwa alamu. Mutu wanga unamaliza mlandu wonse ndisanafike n'kunyumba komwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawonjezera jumbo lachitatu ndi mphira yachiwiri. Ndinkamanga mfundo yangayanga kuti munthu akakhudza ndidziwe. Matenda anakula. Galimoto inayamba kutsokomola tisanafike n'komwe pa Naisi.

M'mawa wina ndikumanga, alamu anaima pambali manja ali kumbuyo.

"Mlamu," anatero pang'onopang'ono, "mwina mukanamasiyako kampata pang'ono."

"Kampata koti pazilowa paipi ya ndani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana pansi, n'kukakhala pa chiwongolero. Sanabwerezenso. Ine ndinati eya, wakuba wadziulula yekha.

Pakamwa panga sipasunga zotentha. Lachiwiri ndi Lachinayi masana ndimapita kusukulu ya kwacha, kumene ndaphunzirira kulemba ndili kale ndi zidzukulu. Kumeneko ndinauzako amayi awiri okha za alamu ndi petulo, ndipo ndinawapempha kuti asauze munthu. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika ku Mvano. Pofika Lamulungu akazi awo a alamu anandidutsa pakhomo la tchalitchi ngati akudutsa chitsa. Kenako ndinamva kuti akulu anzawo a mpingo akufuna kudzawafunsa a Kalino za mphekesera imeneyi. Munthu amene wagwira mbale ya mgonero zaka zonsezi ankati akhale pansi ayankhe za petulo. Ine ndinangodzilimbitsa kuti choonadi chimawawa.

Ulendo wachitatu kwa Che Bwanali ndinapita ndi mlandu wokonzakonza. Tisanafike pamtengo wa mango ndinatsika msanga, ndinamasula mphira ndi majumbo anga n'kuziponya m'chikwama. Ndinkatero ulendo uliwonse, chifukwa mphira yabwino ukaisiya poyera pagalaja imamera miyendo. Ndinaitana Che Bwanali kuti adzanunkhize thanki. Ananunkhiza nati ndi petulo. Ndinati anunkhizenso bwino. Anapopako pang'ono m'botolo, anayang'anitsa padzuwa, anathira padzanja n'kuuma pompo. Anati ndi petulo weniweni, ndipo ngati muli palafini ndiye kuti mphuno yawo yapuma ntchito.

Kenako anandifunsa ngati ndimatha kulemba.

Funso limenelo linandikoma ngati uchi. Ndinati ndimatha, ndipo aphunzitsi amati dzanja langa ndi lowongoka kuposa la ena onse.

Anati ndiye kwa masabata awiri ndizilemba zonse: tsiku, matumba angati, tadzera kuti, yatsokomolera pati, ndi chilichonse chimene munthu wachita pagalimotopo, ngakhale chaching'ono. Anati makina sanama, amangofuna munthu wodekha woti awamvetsere. Alamu anali chikhalire pa tayala lakutha, chipewa chili pabondo.

Ndinagula kope latsopano. Ndinalemba zonse monga anandiuzira, lilime lili panja, pensulo ikuboola pepala. Masabata awiri ndinawaona kutalika. Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinati umboni wakwana. Tinakweza matumba khumi ndi anayi, ndinamanga thanki, ndipo ndinauza alamu kuti lero tikathana pamaso pa Che Bwanali. Ndinawauzanso kuti zikatsimikizika, makiyi andipatse. Anangoti, "Chabwino, mlamu."

Tsikulo galimoto inatsokomola kawiri, koma inafika. Chifukwa cha changu chofuna kuwerenga, ndinatsika ndi kope m'manja, thanki osaikumbukira. Pamtengo paja panali amuna ena atatu odikira galimoto zawo. Ndinasangalala kuti mboni zilipo. Ndinaima pakati, ndinakonza kukhosi, ndinayamba. Kuwerenga kwanga n'kwapang'onopang'ono, chala chikutsogolera.

"Lolemba. Matumba khumi ndi awiri. Ndamanga thanki ndekha. Yatsokomola pa Naisi. Lachiwiri. Matumba khumi. Ndamanga thanki ndekha. Yatsokomola, yazima. Lachitatu. Matumba khumi ndi asanu. Mphira yaduka, sindinamange. Alamu aikapo chitsononkho. Sinatsokomole."

Apa ndinakweza mutu n'kufotokozera anthuwo kuti Lachitatu limenelo alamu anachita mantha, poti anadziwa kuti ndawatulukira. Ndinapitiriza. Lachinayi ndinapeza mphira ina, ndinamanga, inatsokomola. Lachisanu ndinamanga, inazima kawiri.

"Imani kaye mayi," anatero Che Bwanali. "Mukuti mumamanga chiyani?"

"Thanki."

"Ndi chiyani?"

Ndinawatsogolera monyadira kukawaonetsa ntchito ya manja anga. Anawerama n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anayesa kulowetsa chikhadabo pansi pa mphira, chinakana. Anandifunsa chifukwa chake iwo sanazionepo zimenezi maulendo atatu onse. Ndinawauza zoona, kuti ndinkamasula ndisanafike chifukwa pagalaja pamasowa zinthu. Mmodzi wa amuna aja anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana phiri, mapewa akugwedezeka.

Che Bwanali sanaseke. Anati tisakhudze kanthu, tikwere tonse. Anakhala pa chiwongolero okha, ine pakati, alamu kukhomo. Tinatsikira kumunsi, tinatembenuka, tinayamba chitunda. Pakati penipeni pikapu inayamba nyimbo yake. Kukoka, kusiya, kukoka, zii.

Tinatsika. Anandiuza kuti ndiike khutu pafupi ndi thanki. Ndinaona kuti majumbo anga alowa m'kati ngati tsaya la munthu wopanda mano. Anatenga kampeni n'kuboola pakati.

Fyuuu!

Thanki inakoka mpweya ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Mpaka chitsulo chake chinalira kuti pho.

Tinakweranso. Analiza kamodzi, ndipo pikapu inakwera chitunda chonse ndi matumba khumi ndi anayi, osatsokomola ngakhale pang'ono. Ine ndinkangoyang'ana kope langa ngati mwina zilembo zisintha.

Titabwerera pamtengo, Che Bwanali anafotokoza modekha, ngati akuphunzitsa Sande sukulu. Anati petulo akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka koma thanki imakaniza. Galimoto ikakhala yopanda katundu imamwa pang'ono, ndiye imapirira. Ikasenza n'kuyamba chitunda imafuna kumwa kwambiri, ndiye imabanika. Tikaima pambali pa msewu, kampweya kankadzipanikiza kulowa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake inkadzukanso. Ndipo ulendo uliwonse ndikabwera nayo kwa iwo, ndinkayamba ndaichiritsa ndekha, kenako n'kuwalamula kuti apeze matenda.

Ine sindigonja msanga. Ndinati komabe mpweya ndi petulo n'zosiyana, galimoto simwa mpweya.

"Mayi," anatero, "tsinani mphuno, mutseke pakamwa, musenze thumba limodzi ilo mukafike nalo pa mjigo apo."

Manyazi anga enieni ali apa. Munthu wanzeru akanamva kuti ndi fanizo chabe. Ine ndinapatsira alamu kope, ndinamanga chitenje, ndinasenza thumba, ndinatsina mphuno. Ndinayenda mapazi asanu ndi limodzi. Lachisanu ndi chiwiri ndinalitula pansi n'kulikhalira, ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo.

"Yatsokomola pa Naisi," anatero mmodzi wa amuna aja. Onse anagwa nako kuseka, mpaka Che Bwanali anakagwira mtengo.

Alamu okha sanaseke. Anandibwezera kope ndi manja awiri, anasenza thumba lija n'kulibwezera pagalimoto. Che Bwanali anafufuza m'mulu wa zitsulo zawo n'kupeza chitsekerero chakale chokhala ndi kabowo kopumira. Chinakwana.

Mpunga tinakatula ku Zomba. Njira yonse ndinkafunafuna poyambira kupepesa. Pobwerera, titadutsa pa Naisi, ndinangoti alamu, ndinalakwa. Anayankha kuti amva. Ndinati ndikonza. Anati dzina la munthu silili ngati pulagi yoti ungogula ina, koma ndiyesere.

Ndinayesadi. Lachiwiri ndinaimirira m'kalasi n'kuuza amayi onse, osati awiri okha aja. Aphunzitsi anati ndi phunziro labwino la ubwino wolemba zinthu, ine ndinati asapitirize. Ku Mvano ndinaimiriranso. Ndinapita kwa akulu a mpingo mmodzimmodzi, ndipo aliyense ankafuna kumva bwino za thumba lija, ena mpaka kawiri. Zowafunsa a Kalino zinathera pomwepo.

Loweruka masana ndinagwira tambala wanga wamkulu n'kupita naye kwa alamu. Ndinawapeza pakhonde ndi akazi awo. Ndinagwada, ndinapepesa mwadongosolo, ndinapereka nkhukuyo. Akazi awo anailandira nkhope ili gwa, koma anaikweza m'manja kuyesa kulemera kwake, ndipo ndinaona kuti mtima wayamba kutsika.

Alamu anakhala chete nthawi yaitali monga mwa chikhalidwe chawo. Ine mawondo akuwawa, koma tsiku limenelo ndinadikira.

"Zatha, mlamu," anatero pomaliza. "Galimoto ndiziyendetsabe. Ndingopempha kanthu kamodzi."

Ndinati anene chilichonse.

"Tsiku limene ndidzadwale chifuwa, inu musadzabwere kudzandisamala."

Usanaloze wakuba chala, yamba wamasula zimene wamanga wekha.