Ndinatenga Amalume Pokapepesa kwa Maloya

Anzanga, inetu cholinga changa chinali chabwinobwino. Ndinapanga kapulogalamu ka pafoni koti Amalawi okhala kunja kuno, a ku Landover ndi ku Takoma Park, tizidziwa amene ali ndi malo m'galimoto popita ku mzikiti Lachisanu kapena ku ukwati, basi. Ndiye poti chinenero cha kompyuta chomwe ndinalembera ndimachikonda, ndinangotenga dzina lake n'kuphatikapo "Malawi", chizindikiro chake cha kankhono n'kukaveka chisoti. Kanakongolatu, tisanamizane.

Patapita miyezi ingapo, kalata yafika, yochokera kwa maloya a kampani ya eni chinenerocho. Akuti dzinalo ndi kankhonoko adalembetsa kuboma, ine ndaphwanya lamulo. Mapepala anga okhalira kuno anali asanatuluke, ndiye pabwerenso mlandu wa kukhoti? Ndinangowerenga tsamba loyamba lokha n'kuimbira amalume anga a Jafali.

"Iwe, munthu ukalakwira akuluakulu supepesa pa imelo," iwo akutero. "Umapita ndi wamkulu. Dikira ndivale jekete."

Ine ndi digiri yanga yonseyi, ndinavomera! Tinakwera sitima ya Metro mpaka ku Foggy Bottom komwe kuli ofesi ya maloyawo, amalume atanyamula botolo la tsabola ndi paketi ya tiyi wa ku Thyolo. Titafika anayamba kufunsa mayi wolandira alendo za kunyumba, za ana, za abambo, mpaka mayiyo anangotilowetsa kuti tichoke pakhomo.

Kunabwera loya wachitsikana, waulemu wake. "Tsamba lachiwiri munawerenga?" Ndinalitsegula pomwepo. Tsambalo limangoti ndisinthe dzina, ndichotse kankhono, ndiyankhe pa imelo, nkhani yatha. Za khoti panalibe n'komwe. Chimwemwe chake! Ndinali nditaimirira kale, ndikuthokoza uku ndikuyang'ana kukhomo.

Koma amalume akwere Metro ulendo wonsewo, jekete n'kuvala, abwerere osalankhula? Anakhosomola kaye, n'kutulutsa Chingerezi chawo cha paukwati chija.

"Madamu, mwanayu si wamwano ayi. Kankhono kanuko tonse timakakonda zedi. Ngakhale matisheti omwe anasindikiza, khomo lililonse lili nawo."

Ndinawaponda phazi. Iwo anangosuntha phazilo, n'kumasula mabatani a jekete kuti madamu adzionere okha. Kankhono ndi chisoti chake, pamimba pa amalume, kukula ngati mbale!

Loya uja, yemwe anali atatseka kale faelo, anaitsegulanso n'kutenga cholembera. "Matisheti angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi," amalume anayankha monyadira, "kupatula makapu."

Mayo ine! Makapuwo ngakhale mwini wakene ndinali nditawaiwala.

Kukhoti sitinapiteko, Mulungu ndi wabwino, ndipo mapepala anatuluka bwinobwino. Koma anandiuza kuti nditolere zonse. Masabata atatu ndakhala ndikugogoda khomo ndi khomo ngati wogulitsa tomato, kupempha anthu avule matisheti, azakhali ena a ku Takoma Park atakakamira kapu kuti tiyi amakoma m'menemo. Amalume nawo mpaka lero akuuza aliyense kuti akanapanda iwo, bwenzi ndili kundende.

Kwa maloya ndizipita ndekha, ndalumbira. Amalume ndidzawatenganso tsiku lokafunsira mbeta basi, ndipo ngakhale kumeneko, Mulungu yekha ndiye akudziwa zomwe akaulule.