Kwa a Komanda a Nkhondo ya Sopo, pa Mlandu wa a Barnabas

Olemekezeka a Komanda,
omwe kale tinkawatchula a Manijala,
Fakitale ya Sopo,
Heavy Industrial Area, Ndola.

Bwana,

Ndagwada. Ndikudziwa kuti munthu wotsogolera nkhondo sakhala ndi nthawi yowerenga makalata a anthu wamba, choncho mundikhululukire pokusokonezani muli kalikiliki kukonza zogonjetsa adani athu a ku Lusaka, opanga sopo wotsukira mbale aja. Ine ndine Fanwell Njobvu, wa kumakina odula sopo. Bambo anga anachoka ku Katete kudzagwira ntchito mumgodi ku Kitwe, ndipo ine ndakalambira m'fakitale yanu ino osadziwa kuti ndine msilikali, mpaka pamene munabwerako kumaphunziro aja a ku Joni chaka chatha n'kutiuza. Ndalemba kuti ndithokoze, kenako ndipemphe kanthu kamodzi kokhudza mnzanga wapamakina, a Barnabas Miti, amene mlandu wawo mukuuzenga Lachisanu likubwerali.

Choyamba, zikomo chifukwa cha Chingerezi chatsopano. Kale tinkangoti tikupita kuntchito, lero tikupita ku front line. Mawuwa ndinawafufuza m'foni, ndipo ndinapeza kuti ndi malo amene asilikali amayang'anizana ndi mdani, kumene zipolopolo zimagwa ngati matalala. Ndinanyadira kwambiri, mpaka ndinapempha amayi akunyumba kuti azitsanzikana nane bwino m'mawa uliwonse poti za kunkhondo sizidziwika. Iwo, ponditchula mwa Chibemba monga bambo a mwana wathu Karen, anangoti, "Imwe bashi Karen, nkhondo yanu muziisiya pa gate, kuno muzibwela che na sopo." Akazi samvetsa zinthu izi, bwana. Makatoni opanda kanthu aja tsopano ndi ammunition, ndiye kuti zipolopolo ndi wonga. Ofesi yanu ya kamphepo kozizira ija ndi war room, chipinda chokonzera nkhondo. Nthawi ya chakudya chamasana ndi ceasefire, kuleka kuwomberana, ngakhale kuti yathuyi imatha tisanameze. Magetsi akathima mumalengeza kuti tili under attack, ife n'kukhala pamakatoni kudikira mdani amene safika. Makolo ankati nkhondo simanga mudzi, koma iwo sanapiteko ku Joni.

Chachiwiri, zikomo potiphunzitsa mawu akuti casualty. Makina atadya zala ziwiri za a Pauline Daka, ife osaphunzira tinkaganiza kuti vuto ndi chotchingira mpeni chija chimene chinathyoka kalekale osagulanso china. Inu munatitsegula maso ponena kuti nkhondo iliyonse imakhala ndi ma casualty, ndiye kuti ovulala ndi ofa. Pamenepo tonse tinamvetsa kuti palibe wolakwa, poti pankhondo safunsa kuti chipolopolo anagula ndani. A Pauline akupereka moni. Akuti zala sizinamere, koma mawuwo ndi okoma kuwamva.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pagona nkhani, zikomo chifukwa cha perete. M'mawa uliwonse mumatiimika pabwalo, mbendera ya kampani yokhala ndi chithunzi cha thovu ikukwera pang'onopang'ono, ife dzanja lili pachipumi. Inu mumafuula kufunsa kuti ndife ndani, ife n'kuyankha kuti warriors, ankhondo. Mumafunsanso kuti tabwera kudzatani, ife n'kuyankha kuti kill the competition, kupha opikisana nafe. Ine izi sizindivuta. Ndine Mkatolika, ndipo kuimirira, kugwada ndi kuyankhira pamodzi ndinaziyamwira. Anzathu a Pentekosite ndiye amachita kuvina nazo, poti iwo nkhondo anaizolowera, Lamlungu lililonse amakhala akugwetsana ndi ziwanda.

Koma a Barnabas ndi a Mboni za Yehova. Anthu amenewa mwina simuwadziwa, bwana, poti kwanu kuli mpanda ndi agalu. Ife a kukomboni ya Chifubu timawadziwa bwino, makamaka Loweruka m'mawa munthu ukufuna kupumula. Sachitira saliyuti mbendera ina iliyonse, salowa usilikali, ndipo salonjeza kupha munthu ngakhale mocheza. Si mwano ayi, ndi chikhulupiriro chawo, ndipo akuluakulu awo anazunzikapo chifukwa cha zomwezi koma osasunthika. Ndiye paperete a Barnabas ankangoima mwaulemu, manja ali m'mbali, pakamwa ali duu. Mutawafunsa pamaso pa tonsefe, anayankha modekha kuti, "Bwana, nchito nizagwila, olo overtime. Koma saliyuti na vokamba vopaya, awe, munikhululukile." Inu munawatchula deserter n'kuwaimitsa ntchito tsiku lomwelo.

M'foni mwanga deserter ndi msilikali wothawa nkhondo. Pamenepa ndiye mutu wanga wa giredi seveni wazungulira. Wothawa ameneyu amafika pageti mlonda asanatsuke m'kamwa. Tsiku limene makina anagwira a Pauline, ankhondo anu ofuula aja anamwazikira kukhomo ngati nkhuku zoona kabawi, ndipo amene anathamangira kukazimitsa makina n'kumanga dzanjalo ndi malaya ake anali wothawa yemweyu. Sindikukudzudzulani kuti simunaone, inu munali mu war room.

Musaganize kuti ndikuwaikira kumbuyo chifukwa chogwirizana nawo pa zamapemphero. Munthu ameneyu wandivutitsa ndi timagazini take kwa zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse amakana kubwera kwathu pa Khirisimasi, nkhuku n'kufera pachabe. Koma nkhaniyi yandiwawa, bwana, ndipo ndakwiya. A Barnabas imvi zayamba. Kumsinkhu umenewu ndani angawalembe ntchito muno mu Ndola, mmene anyamata a madigiri akuitanira minibasi? Nyumba yawo ya ku Chifubu ndi ya lendi. Mwana wawo Damaris ali kusukulu ya unamwino ku Kitwe, ndipo bambo ake akachotsedwa, nayenso alongedza katundu. Akazi awo, a Jemimah, amagulitsa tomato pamsika, ndipo tomato saphunzitsa namwino. Tonse apamakina tikuyang'ana mwakachetechete, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chachinayi, zikomo kuti msonkhano wa Lachisanu mwaupatsa dzina laulemu lakuti court martial, khoti la asilikali. Ndamva kuti wodandaula, mboni ndi woweruza mudzakhala inu nomwe. Nzeru zimenezi zipulumutsa nthawi ndi mipando.

Tsopano pempho langa, ndipo ndalankhula ndili chogwada, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Pa mawu onse a nkhondo amene munabwera nawo, alipo amodzi amene munawaiwala m'ndege: prisoner of war, mkaidi wogwidwa pankhondo. Ndawerenga kuti munthu amene alibe chida ndipo sakumenyana nanu saphedwa. Amagwidwa, amadyetsedwa, n'kupatsidwa ntchito yoti azigwira. Ndiye bwana, agwireni a Barnabas. Atsekereni pamakina awo omwe aja kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Muziwadyetsa nyemba za kukantini, chomwe ndi chilango chokwanira kwa munthu aliyense. Pakutha pa mwezi muziwapatsa zomwe munkawapatsa zija, poti ngakhale wandende sangadandaule kuti zamuchulukira. Nthawi ya perete muziwasiya m'ndende mwawomo akupukuta makina, kuti asaipitse mzere. Sadzathawa, ine ndikulumbira m'malo mwawo. Inuyo mudzakhala mwapambana, chifukwa chiyambire nkhondoyi simunagwirepo mdani ngakhale mmodzi.

Koma ngati mwatsimikiza mtima kuwawombera Lachisanu, ndani ine kuti nditsutse a Komanda? Ndingopempha kuti musatumize envelopu ya kalata yowachotsa ntchito kudzera kwa mlonda wapageti. Ndamva kuti atsogoleri a nkhondo aulemu wawo akataya munthu amapita okha kukauza banja lake. Kwerani minibasi ya ku Chifubu, mutsikire pamsika, mufunse a Jemimah a tomato, aliyense akulozerani. Mayi amenewa Chingerezi chawo ndi chowerengera chenji basi, choncho mawu akuluakulu onse aja mudzawasiye kuofesi. Mukawayang'ane kumaso n'kuwauza m'chilankhulo chakwathu chimene amuna awo analakwa. Ine ndikanakonda kukulemberani mawuwo kuti musakavutike, koma ndawafufuza m'Chinyanja, ndawafufuza m'Chibemba, sindinawapeze.

Ine wanu wogonjera, dzanja lili pachipumi,

Fanwell Njobvu,
Msilikali wamba,
Kumakina odula sopo.