Ndinkangofuna Kuchotsa Tambala

Anzanga, ine ndinkangofuna kuchotsa tambala basi. Apongozi anga a ku Chiparamba anakwanitsa zaka makumi asanu ali m'banja, pakhomo panachitika chisangalalo, ndipo ine mkamwini wawo, poti ndine mphunzitsi komanso foni yanga ndi yabwinoko, anandipatsa ntchito yojambula vidiyo. Ndinajambula bwinobwino, koma tambala wina wapakhomopo ankalira ngati nayenso anamulemba pa pulogalamu. Abusa akamapemphera, kokoliliko. Wotsogolera mwambo akamalonjera alendo, kokoliliko.

Lolemba ndinadandaulira Mayi Mwale, amene amaphunzitsa za kompyuta kusukulu kwathu ku Chipata kuno. Iwo anangoika vidiyo ija mu laputopu, kudina penapake, mawu aja n'kupatukana ndi chithunzi, kukhala paokha m'munsi. Abale inu! Ndinangoti kukamwa yasa. Kodi inu munawaonapo mawu a munthu ndi maso? Anali mzere wa mapiri ngati awa azungulira tauni yathuwa. Abusa akatsitsa mawu, timapiri tating'onoting'ono, amayi akaimba nthungululu, mapiri ataliatali othinana, tambala uja kaphiri kosongoka kali pakokha. Ndinaloza ndi chala n'kufunsa, "Ndiye kuti apongozi anga ndi awa?" Mayi Mwale anaseka. "Ndi omwewo, aphunzitsi. Dulani zimene simukufuna, koma maso asachoke pa chithunzi." Belu linalira, iwo ulendo wa m'kalasi.

Ine chithunzicho ndinachichepetsa, chinkanditchingira mapiri anga. Ndinadula tambala woyamba, ziii. Wachiwiri, ziii. Ndinadzimva ngati dokotala wa opaleshoni. Ndiye mtima unati, nanga chifuwa cha abusa chija? Ndinadula. Njinga yamoto imene inadutsa pamsewu? Ndinadula. Mphepo, mwana wolira, ngakhale paja anthu anangokhala chete kudikira kuti kwaya ifole. Ndikadula, mpata wotsalawo unkatsekeka wokha, ine n'kumagoma kuti makinawa ndi osunga mwambo. Sindinadziwe kuti mawu akufupika pamene chithunzi chili chomwecho, moti mawu anali atayamba kuthamangira kutsogolo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinakalumikiza laputopu ku TV ya apongozi. Pabalaza panadzaza, azilamu, akulu a mpingo, mkazi wanga pambali panga akunyadira. Poyamba milomo ya abusa inkangochedwa pang'ono, ine ndinati ndi vuto la TV. Posakhalitsa kwaya yonse inayamba kuimbira m'kamwa mwa abusa, iwo ali chitsinzinire.

Kenako pa TV paja panaimirira apongozi aakazi, mayi wofatsa amene sindinawamvepo akukweza mawu. Anatsegula pakamwa, n'kutuluka mawu a besi a amuna awo: "Ine monga mutu wa banja lino, ndayendetsa nyumba ino zaka makumi asanu popanda wonditsutsa." Ndipo chimene chimandizizwitsa mpaka lero, milomo inkagwirizana ndendende! Ngakhale chala anachikweza pamalo pake penipeni. Ndikanati ndichite dala, ndikanalephera.

Ndinafuna kuzimitsa koma ndinachedwa. Ndiye pa TV panaimirira apongozi aamuna, suti yosita, anakonza tayi, anayang'ana khamu mwaulemu wonse, anatsegula pakamwa, n'kutuluka nthungululu. Yaitali! Ya amayi onse a mumpingo, kuchokera pakhosi pa bambo mmodzi.

Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Mkulu wina wa mpingo anatuluka panja akutsokomola chifuwa chabodza. Ine ndinagwada pansi n'kuti, "Pepani bambo, makinawa sindinawazolowere."

Apongozi aamuna anavula magalasi, anayang'ana akazi awo, akazi awo n'kumayang'ana kudenga. Kenako bambowo anati, "Aphunzitsi, musakonze chilichonse. Aliyense wayankhula mogwirizana ndi ntchito imene amagwira m'nyumba muno."

Anthu anagwa pansi ndi kuseka. Phokoso litachepa, apongozi aakazi anandikodola, n'kunena motsitsa ndi mawu awo enieni, "Tabwezerani paja ndikuyankhula inepo."

Tinabwezera kanayi. Kuyambira tsiku limenelo, pakakhala mwambo kwa apongozi, ine ndimalawirira kukapempha ntchito yonyamula mipando.