Tsiku limene buledi anamera mano

Mpaka lero pa Ntcheu Boma pali kamsewu kena kamene sindidutsa. Ndimauza wakabaza kuti azungulire kumsika, akandifunsa chifukwa ndimati kuli agalu olusa. Kulibe agalu. Kuli kabekale.

Nthawi imeneyo ndinkafuna kukwatira Esinati, koma mawu omaliza anali kwa amalume ake a ku Biriwiri, bambo amene anathera unyamata wawo m'migodi ku Joni asanabwerere kudzalima mbatatesi. Atatumiza uthenga woti Loweruka abwera ku Boma kudzagula feteleza, ndipo akufuna “kumuona mnyamatayo”, ndinaganiza zowaonetsa kuti ndine munthu woyenda. (Kutali kumene ndinali nditafikako ndi ku Balaka.)

Ndinawatengera ku kabekale katsopano ka mayi wina amene anaphunzira zophika kunja. Pakhomo panalembedwa kuti pali bulanchi. Ine bulanchi imene ndinkaidziwa ndi ya chipani, koma mayiyo anafotokoza kuti ndi chakudya cha anthu amene achedwa kadzutsa koma afulumira nkhomaliro.

“Ndimadya kawirikawiri,” ndinanama.

Chakudya chinabwera pathabwa, osati m'mbale: mapeyala opotapota, dzira losapsa bwino, ndi buledi wakuda wa chikhokho ngati khungwa la mbawa. Amalume anamununkhiza.

“Mayi, buledi uyu wasasa.”

“Ndi mmene amakhalira, bambo. Sindithira yisiti wa m'sitolo. Ndili ndi chofufumitsa changa chamoyo m'botolo, ndimachidyetsa ufa m'mawa uliwonse. Chatha zaka zinayi.”

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Chinthu chamoyo, chimadya, chili ndi zaka zinayi, ndipo chili mu buledi wanga. Koma ndinangogwedeza mutu ngati munthu amene kwawo amaweta zomwezo.

Ndinawerama kulimbana ndi dzira langa, limene linkathawathawa pathabwa. Ndinangomva kuti khwa! Nditadzutsa mutu, amalume anali atatseka pakamwa ndi dzanja, maso ali tong'o. Buledi wawo anali pathabwa, ndipo m'mphepete mwake munali mano. Mzere wathunthu, oyera, ndi nkhama zomwe, akundisekerera.

Abale anga, munthu wanzeru akanaganiza kaye. Ine ndinadzambatuka, mpando n'kugwa.

“Mayi! Chiweto chanu chija chamera mano!”

Amalume anati, “Mmm! Mmm!” uku akundiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinaganiza kuti ndi mantha.

“Musaope, amalume, ndilipo ine!”

Ndinanyamula buledi uja ndi manja awiri n'kuyamba kuyenda naye tebulo ndi tebulo ngati mbale ya chopereka. Ndinaonetsa manesi awiri amene ankamwa khofi, ndinaonetsa abusa ena, ndinaonetsa ngakhale mzungu wa panjinga amene anamujambula chithunzi. Ndinalalikira kuti lero ndi mano, mawa buledi ameneyu adzatithamangitsa mpaka ku Tsangano. Ndinaopseza zokanena kwa a zaumoyo. (Ndikukumbukiranso kuti ndinapempha abusa aja kuti apemphere. Anakana.)

Mwini bekale anabwera, nayang'anitsitsa bulediyo, kenako anayang'ana kutebulo kwathu.

“Achimwene,” anatero motsitsa mawu, “mano awa abwera ndi kasitomala.”

Ndinatembenuka pang'onopang'ono. Amalume anachotsa dzanja pakamwa, ndipo milomo yawo inali italowa m'kati ngati thumba lopanda kanthu.

“Bwelesha mano anga.”

Kuwazula sikunali kwapafupi. Buledi uja anali atagwira ngati ng'ona. Ine ndinakoka uku, nesi mmodzi uko, mpaka mayi uja anabweretsa mpeni n'kuwasema mozungulira. Amalume anawatsuka mu tiyi wanga, nawabwezera m'malo mwake, natuluka osatsanzika.

Ndinawapeza pa siteji ya minibasi atakhalira thumba la feteleza. Ndinagwada pafumbi pomwepo.

“Mwala unandigwera mu mgodi n'kundigulula mano ndisanakwatire,” anatero akuyang'ana kutali. “Mayi akunyumba sadziwa. Oikirirawa ndimavula nyali itazima, ndimavala tambala asanalire. Zaka zonsezi! Ndiye iwe tsiku limodzi lokha waonetsa chipatala, mpingo ndi dziko la azungu.”

“Pepani, amalume.”

“Esinati umukwatira. Munthu wodziwa zimenezi sindingamusiye kunja kwa banja, ndizikuyang'anira pafupi. Koma ukadzangotsegula pakamwa, nawenso udzafuna oikirira.”

Tinakwatiranadi, ndipo ndinaphunzirapo kuti munthu wamkulu akamakuponda phazi pansi pa tebulo, khala pansi, ngakhale buledi akukusekerera. Za kusunga chinsinsi ndiye ndikuphunzirabe. Choncho ngati mumapemphera mpingo umodzi ndi mayi ena ake a ku Biriwiri, amene amanyadira kuti amuna awo akalamba ndi mano onse, chonde, inu simunawerenge kalikonse.